Nyemba Zoyanga Pakhoma: Kadimba ka Banja ku Chawama

Ku Chawama, komboni ya mu Lusaka ku Zambia, malo olima amapimidwa ndi mapazi. Pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa aneba pamatsala kanjira koti munthu wonyamula chigubu adutse chammbali, ndipo kanjira komweko ndi kochapirapo, koyanikapo zovala ndi koikapo mbaula madzulo. Kuyambira mu 1974, pamene boma mothandizidwa ndi World Bank linayamba kukonza makomboni a Chawama, George ndi Chaisa, kulambula misewu ndi kuika mipopi, eni mapuloti akhala akuwonjezera zipinda za lendi mpaka mabwalo ambiri anatha. Mayi amene anakulira ku Katete kapena ku Petauke, wozolowera dimba lalikulu la kudambo, akafuna bedi la repu kuno amasowa poliika.

Makoma okha ndiwo alipo ambiri, ndipo dzuwa limawomba pamenepo maola ambiri popanda chomera cholidya. Nyemba zoyanga zimafuna malo otere. Pansi zimangotenga kamzere kopingasa masentimita 40 kapena 50, kenako zimakwera mamita awiri ndi kupitirira, n'kuika masamba ndi maluwa m'mwamba momwe nkhuku sizifika. Nyemba zimene kabuku kano kakunena ndi zija anthu a mu Lusaka amati kayera, ena chilemba, osati khobwe.

Zimene khoma lingapereke

Dziko limene laonetsa poyera mphamvu ya mbewuyi ndi Rwanda, kumene anthu ndi othithikana ndipo minda ndi timagawo ta m'mapiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, akatswiri a zaulimi a dzikolo pamodzi ndi bungwe la CIAT anafalitsa mitundu ya nyemba zoyanga, ndipo alimi anaona kuti pamalo omwewo akukolola kawiri kapena katatu kuposa nyemba zachitsamba. Kumapiri a Dedza ndi Ntcheu ku Malawi, nyemba zoyanga m'mapesi a chimanga ndi ulimi wakalekale.

Komabe banja la ku Chawama liyenera kuwerengera bwino lisanagwire khasu. Munda wosamalidwa bwino wa ku Rwanda ungatulutse matani atatu pa hekitala, kutanthauza magalamu 300 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Kamzere ka m'mbali mwa khoma, ngakhale katabereka chotani, nyemba zouma zake sizingadzaze meda. Nyemba za mumphika wa mwezi wonse zidzachokerabe ku Soweto Market, kumene matumba amatsika kuchokera ku Mbala, Mporokoso ndi Solwezi. Phindu la khoma lili pa ndiwo zaziwisi: khwanya, amene a Chibemba amati chimpapila, kuyambira sabata yachinayi kapena yachisanu, ndi zitheba kuyambira mwezi wachiwiri ukatha. Malo omwe aja opereka magalamu 300 a nyemba zouma angapereke kilogalamu imodzi kapena awiri a zitheba, osati tsiku limodzi koma pang'onopang'ono kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Pakhomo pamene ndalama ya ndiwo imasakidwa m'mawa uliwonse, kukolola kwapang'onopang'onoku n'kothandiza kwambiri kuposa zokolola zobwera kamodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Mbale ya masamba otendera ndi zitheba pambali pa nsima imathandiza mwana wotere kuposa momwe imaonekera.

Mbewu

Si nyemba zonse zimayanga. Mitundu ingapo yotulutsidwa ndi ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi, monga Lyambai ndi Mbereshi, ndi yachitsamba: imakula kufika m'mawondo, n'kuchita maluwa nthawi imodzi, n'kutha. Kabulangeti, yokondedwa chifukwa cha msuzi wake, imatambalala ndi kukwera pang'ono ikapeza chogwira, koma sifika pamwamba pa khoma. Yoyanga kwenikweni mwa mitundu ya ZARI ndi Sadzu. Likulu la bungweli lili ku Mount Makulu ku Chilanga, pamsewu womwewu wa Kafue wodutsa m'mbali mwa Chawama, ndipo ntchito yaikulu yofufuza za nyemba imachitikira ku Misamfu pafupi ndi Kasama. Wogula m'sitolo ya mbewu awerenge paketi: mawu akuti climbing kapena pole ndiwo a zoyanga, pomwe bush kapena dwarf ndi zazifupi. Mbewu ya m'paketi nthawi zambiri imakhala yopakidwa mankhwala ofiirira kapena obiriwira. Imeneyo si yodya, ndipo ibisidwe kutali ndi ana.

Mbewu yochokera kwa achibale akumudzi, yomwe iwo aionapo ikukwera chimanga, ndi yabwinonso. Yongogula pamulu pamsika imafuna kusankha: zoboola, zokwinyika ndi zamawanga akuda zichotsedwe, chifukwa matenda angapo a nyemba amayenda m'mbewu momwemo. Kenako njere 10 zikulungidwe m'kansalu konyowa n'kuikidwa pamthunzi. Sabata ikatha, ngati zamera zisanu ndi zitatu kapena kuposa, mbewuyo ndi yamoyo.

Amene khoma lake limatentha kwambiri angayesenso nkhungudzu kapena kamumpanda, zomwe zimayanga mwamphamvu ndipo zimapirira dzuwa kuposa kayera, ngakhale zimachedwerapo kubereka.

Nthawi yobzala

Ambiri amalakwitsa pano, pobzala nyemba pamodzi ndi chimanga mvula yoyamba ikangogwa. Mu Disembala ndi Januwale mvula ya ku Lusaka imagwa mowirikiza, masamba sauma, ndipo matenda a mawanga pamasamba ndi pamakoko amafala msanga. Alimi a nyemba a kumpoto kwa dziko amabzala mvula ili pakati, kuti mbewu ikakhwimire kunja kutayamba kuuma. Pakhomo pomwe pali chigubu chothandizira, nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka Malichi. Nthaka imakhala idakali ndi chinyezi, maluwa amatuluka mu Epulo kunja kuli bwino, ndipo zitheba zimathyoledwa mpaka kumayambiriro kwa Juni.

Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, choncho usiku wa mu Juni ndi Julayi umazizira moti mbewu yobzalidwa nthawi imeneyo imachedwa kumera ndipo imakula mofooka. Mwayi wachiwiri umabwera kumapeto kwa Julayi ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, koma ndi waufupi. Nyemba zimayoyola maluwa kutentha kukapitirira madigiri 30, ndipo mu Okutobala kutentha koteroko n'kwa tsiku ndi tsiku. Wobzala mu Seputembala amaona masamba obiriwira bwino ndi maluwa ali mbwee pansi. Ameneyo angoyembekezera khwanya basi.

Mizu ikhale pamwamba pa madzi

Vuto lalikulu la Chawama lili pansi. Mbali ya kumwera ndi kumadzulo kwa Lusaka inakhala pa thanthwe la miyala ya laimu, malo ndi athyathyathya, ndipo madzi apansi ali pafupi. Mvula ikalimbikira, m'makomboni a Kuku, Misisi ndi Kanyama madzi amaima m'mabwalo kwa masabata. Mizu ya nyemba ikamira m'madzi tsiku limodzi kapena awiri imayamba kuola, masamba amachita chikasu, ndipo palibe feteleza amene angaidzutse.

Choncho bedi likwezedwe. Mabuloko osweka kapena miyala zindandalikidwe m'mbali kuti dothi likwere masentimita 25 mpaka 30 pamwamba pa bwalo. Pomwe madzi amafika m'akakolo chaka chilichonse, kapena pomwe bwalo ndi lasimenti, matumba ndiwo yankho. Thumba la makilogalamu 50 lipindidwe kukamwa kuti litsale lofika m'mawondo, libooledwe pansi ndi m'mbali mwa m'munsi, kenako likhazikidwe pa mabuloko awiri. Thumba limodzi limasunga mbewu zitatu kapena zinayi. Kwa munthu wa lendi matumba ali ndi ubwino wina: sakumba puloti ya mwini wake, ndipo tsiku losamuka amakwera pa wilibala. Ngakhale zili tero, ndi bwino kukambirana ndi alandilodi msomali woyamba usanakhomedwe pakhoma.

Dothi la m'munsi mwa khoma kawirikawiri limakhala losakanikirana ndi zidutswa za pulasitala ndi simenti zotsala pomanga. Dothi lotero limachititsa masamba a nyemba kuyezuka, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Zidutswazo zitoledwe, kapena dothi libwere lina. La kudzala komwe kumatayidwa mabatire ndi oyilo wa galimoto lisayandikire chakudya cha ana. Pa ndowa ziwiri za dothi pathiridwe ndowa imodzi ya manyowa owolerana. Manyowa a nkhuku za nyama, omwe amapezeka mosavuta mukomboni, amawotcha mbewu akakhala aawisi, choncho aunjikidwe ndi kunyowetsedwa kwa miyezi iwiri mpaka fungo litatha ndipo akuoneka ngati dothi lakuda. Fumbi la malasha lotsala pansi pa thumba limathandiza dothi kuti lisagwirane. Phulusa lokha likhale lochepa, chifukwa nthaka ya pa miyala ya laimu siisowa laimu wina. Amene akufuna kuphunzira kupanga kompositi mozama angafunse ku Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu yoyendetsedwa ndi ansembe a Chijezwiti kum'mawa kwa mzindawu, yomwe kwa zaka zambiri yaphunzitsa alimi ulimi wopanda feteleza wa m'sitolo.

Wofuna kuthira feteleza agwiritse ntchito Compound D, kachitsekerero kamodzi ka botolo pa phando, motalikirana ndi mbewu zala zitatu. Urea sakufunika. Nyemba zimakhala ndi timibulu m'mizu momwe tizilombo tothandiza timakoka nayitrojeni kuchokera mumpweya, ndipo zikapatsidwa nayitrojeni wochuluka zimangochita masamba, maluwa n'kuchedwa.

Mitengo iyambe, mbewu itsatire

Khoma loyang'ana kum'mawa kapena kumpoto ndilo labwino. M'miyezi ya Malichi mpaka Seputembala dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khoma loyang'ana kumwera limakhala pamthunzi nthawi yaitali. Loyang'ana kumadzulo limasunga kutentha kwa masana n'kuwotcha maluwa. Nyemba zimafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi patsiku. Mzere ukhale masentimita 30 kuchokera pakhoma, ndipo usakhale pomwe madzi a pamalata amagwera.

Poyangira pakonzedwe mbewu isanalowe pansi, chifukwa kuzika mtengo pambali pa mbewu yomera kumadula mizu. Ku Rwanda komwe kuja, kusowa kwa mitengo yoyangira ndi limodzi mwa mavuto aakulu a alimi, ndipo mu Lusaka mtengo uliwonse ndi wogula. Nsungwi kapena bango lalitali mamita awiri ndi theka ndi zabwino zikapezeka. Zikasowa, mizati iwiri yolimba izikidwe kumapeto kwa mzere, waya amangidwe pamwamba ndi wina pafupi ndi pansi, kenako pa phando lililonse patsike chingwe. Ulusi wosomboledwa m'matumba akale, wopotedwa uwiri, umagwira bwino. Chingwe chikhale chokhakhala, popeza nsonga ya nyemba imatsetsereka pa waya wosalala kapena pa paipi. Pathumba pazikidwe ndodo zitatu zomangidwa pamodzi kumwamba. Zonsezi zimangidwe mwamphamvu: mzere wa nyemba wodzaza masamba ndi wolemera, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imaugwetsa mosavuta.

Mapando atalikirane masentimita 25 mpaka 30, njere ziwiri pa phando, kuya kwa masentimita atatu kapena anayi. Khoma la mamita atatu limalandira mapando 10 mpaka 12. Nyemba sizifesedwa panazale, ndipo sizikonda kuwokeredwa. Pakatha masiku asanu mpaka asanu ndi atatu, kakhosi kopindika kamang'amba dothi, n'kudzuka katasenza zibanthu ziwiri za njere ija. Masabata awiri kapena atatu otsatira pamatuluka nsonga yaitali yowonda, yomwe imazungulira m'malere kufunafuna chogwira. Yosochera ithandizidwe ndi dzanja, koma motsata njira yake: munthu akaiyang'ana kuchokera pamwamba, imazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Yokulungidwa mbali inayo imadzimasula yokha. Ikafika pa waya wapamwamba, nsonga itsinidwe kuti nthambi za m'mbali zichuluke.

Banja lomwe lili ndi malo a mizere iwiri lisabzale yonse tsiku limodzi. Wachiwiri utsatire pakatha masabata atatu, kuti woyamba ukamatopa wina akhale akuyamba.

Madzi ndi thanzi la banja

Madzi a pa kiyosiki ndi ogula, ndipo chaka cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko, anthu anaona mipopi ikuuma magetsi akazima. Choncho madzi awerengedwe. Mu Epulo ndi Meyi malo a mita imodzi mbali zonse amamwa malita anayi kapena asanu patsiku, ndiye kuti chigubu cha malita 20 chimakwanira kamzere ka mamita atatu kwa masiku awiri kapena atatu. Thumba limauma msanga ndipo limafuna malita awiri kapena atatu tsiku lililonse. Udzu wouma, makoko a mtedza kapena zidutswa za katoni zophimbira dothi zimachepetsa ludzu limeneli. Nthawi yosayenera kuphonya ndi ya maluwa ndi ya zitheba zazing'ono. Madzi athiridwe patsinde m'mawa, osati pamasamba.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi otsukuluzira zovala komaliza angapite ku nyemba. Okhala ndi jiki, sopo wambiri, mafuta kapena ochapira matewera asapiteko.

Anthu a ku Chawama safunika kuuzidwa za kolera. Mliri wa 2017 mpaka 2018 unagwira makomboni a Chipata, Kanyama, Matero ndi Chawama, ndipo wa 2023 mpaka 2024 unakula mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala. M'miyala ya laimu muli ming'alu yomwe imalumikiza zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya. Apa nyemba zoyanga zili ndi ubwino woti zitheba zimalendewera kutali ndi matope, koma bedi likhalebe kutali ndi chimbudzi ndi ngalande, ndipo masamba kapena zitheba zomwe zakhudzidwa ndi madzi osefukira zitayidwe. Zothyoledwa zitsukidwe ndi madzi a pampopi kapena othira klorini, ndipo ziphikidwe.

Adani a nyemba

Woopsa kwambiri ndi wosaoneka. Kantchentche kakang'ono kakuda kamaikira mazira pamasamba oyamba, mphutsi yake n'kutsika m'kati mwa tsinde mpaka polekezera dothi. Mbewu ya masabata awiri kapena atatu imangofota ngati yasowa madzi. Munthu akaizula amapeza tsinde lotupa ndi long'ambika, ndipo akalisenda ndi chikhadabo amaona kachibungu kofiirira kapena kakuda konga kanjere ka mpunga. Chothandiza n'kubandira: pakatha masabata awiri mbewu itamera, dothi likwezeredwe patsinde masentimita asanu kuti mizu yatsopano ituluke pamwamba pa bala. Mbewu ya pa nthaka yachonde ndi yachinyezi imapirira, yofooka ndiyo imafa. Zofa zizulidwe ndi kutenthedwa pambaula.

Nsabwe zakuda zimaunjikana kunsonga ndi kuseri kwa masamba anthete, nyerere zikukwera ndi kutsika pamenepo. Zikayamba kumene, kufinya ndi zala kapena kutsina nsonga yogwidwayo kumakwanira. Zikachuluka, kasopo kochepa ka mtanda kasungunulidwe m'madzi n'kuwazidwa madzulo. Nsabwezi zimafalitsanso matenda opiringizitsa masamba ndi kuwachititsa mawangamawanga achikasu. Mbewu yotero siichira, ndipo izulidwe isanapatsire zinzake. M'nyengo yotentha ndi yafumbi kumabwera tiakangaude tofiira, tomwe olima tomato amatidziwa bwino, ndipo n'chifukwa china chosabzalira mochedwa mu Ogasiti. Zikumbu zazitali zakuda zamizere yachikasu kapena yofiira zimadya maluwa. Zitoledwe m'mawa zisanachangamuke, dzanja litavala pulasitiki, chifukwa madzi ake amatulutsa matuza pakhungu.

Pa kamzere ka pakhomo, pomwe masamba amathyoledwa kawiri pasabata ndipo ana amasewera pomwepo, mankhwala a m'timabotolo topanda malemba ogulitsidwa m'misika ndi oopsa kuposa tizilombo tomwe akuti amapha. Maso a mwini dimba m'mawa uliwonse amagwira ntchito yaikulu. Masamba akakhala onyowa ndi mame kapena mvula asagwidwe, popeza matenda amayenda ndi manja. Ndipo nyemba zisabwerere pa dothi lomwelo kawiri motsatizana. Zikatha, pabzalidwe repu, anyezi kapena chimanga chochepa. Pomwe tomato kapena therere linazulidwa mizu ili yotupatupa, nyemba nazo zidzavutika.

Kuthyola, kuphika, kusunga

Khwanya athyoledwe mbewu ikayamba kukwera, tsamba limodzi kapena awiri anthete pa chomera chilichonse, osakhudza nsonga yomwe ikuyanga. Maluwa akayamba, dzanja lichepe, chifukwa masamba ndiwo amadyetsa zitheba. Khwanya wotendera ndi nsinjiro, tomato pang'ono, ndi ndiwo yomwe mwana woyamba kudya angapatsidwe itapotedwa bwino. Akachuluka afutsidwe: awiritsidwe pang'ono, ayanikidwe pamalo okwera ataphimbidwa ndi kansalu koletsa ntchentche ndi fumbi, ndipo mfutsowo udzathandiza mu Okutobala ndiwo zikakwera mtengo.

Zitheba zimayamba pakatha masiku 60 mpaka 70. Yabwino ndi yothyoka ndi kaphokoso ikapindidwa, njere zisanatupe. Zithyoledwe masiku awiri kapena atatu aliwonse, dzanja lina litagwira tsinde kuti maluwa asagwedezeke. Chomera chikasiyidwa ndi makoko okhwima chimaleka kuchita maluwa, choncho wothyola pafupipafupi ndiye amakolola nthawi yaitali. Njere zotupa koma zisanaume zimakomanso, ndipo zimapsa msanga, zomwe zimapulumutsa malasha.

Nyemba zouma zinyikidwe m'madzi usiku wonse, madziwo atayidwe, kenako ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 moto usanachepetsedwe. Nyemba zosapsa zili ndi poizoni wotsegula m'mimba ndi kusanzitsa, yemwe amatha ndi kuwira. Nkhungudzu ndi kamumpanda zimafuna kusamala koposa, ndipo madzi oyamba owiritsira atayidwe. Ayironi wa mu nyemba amalowa bwino m'thupi zikadyedwa ndi tomato kapena chipatso, pomwe tiyi womwera pa chakudya chomwecho amamutsekereza. Amayi oyembekezera azikumbukira zimenezi.

Mbewu ya chaka chamawa isakhale zotsalira za kumapeto. Zomera zitatu kapena zinayi zathanzi, zopanda mawanga, zimangidwe kansalu koyambirira ndipo zitheba zake zisathyoledwe. Nyemba zimadzibereketsa zokha m'duwa lake, choncho mbewu yosungidwa imatuluka yofanana ndi kholo lake. Pakatha masiku 100 mpaka 120 makoko amauma n'kumachita phokoso akagwedezedwa. Asendedwe, njere ziyanikidwe padzuwa masiku angapo mpaka imodzi ikalumidwa izisweka m'malo mofinyika. Anankafumbwe amayamba kuikira mazira makoko adakali pachomera, choncho njere zisakanizidwe ndi phulusa losefa, zithiridwe m'botolo louma mpaka kudzaza, litsekedwe zolimba, ndipo pabotolo palembedwe mtundu ndi mwezi. Zodya zingapakidwe saladi, kasupuni kakang'ono kamodzi pa kilogalamu. Zomera zouma zidulidwe patsinde, mizu isiyidwe m'dothi kuti iwolere momwemo, ndipo zingwe zakale zitenthedwe kapena kutayidwa chifukwa zimasunga matenda. Mizati ndi waya zikhale pomwepo kudikira mbewu ya mu Ogasiti, yomwe ibzalidwe pa dothi latsopano.